Sopo Wosambira ndi Thanki ya a Kankhani

Alamu anga, amene anakwatira achemwali, dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Aliyense amangoti a Kankhani, chifukwa cha pikapu yawo yakale imene sidzuka m'mawa popanda anthu oikankha kumbuyo. Amanyamulira anthu mchenga, mipando, mbuzi, chilichonse chimene chingakwere. Galimotoyo amaikonda moti ukangoitsamira amakuyang'ana ngati wawapondera mwana.

Achemwali ndiye anali atatopa nayo. Chaka chatha itafa giya, analamula ali chiimire pakhomo kuti ikadzangowonongekanso ipite kwa ogula zitsulo zakutha. Ndipo achemwali anga akanena, anena.

Kenako petulo anayamba kutha msanga. Poyamba alamu anaganiza kuti akubedwa, mpaka anagula loko wa pachivindikiro n'kumayang'ana anansi ndi diso lofiira. Koma mafuta ankathabe, fungo lili ponseponse pabwalo. Anandiitana monong'ona, tinayala katoni pansi pa galimoto, ndipo kutacha tinapeza banga lonyowa chakumbuyo. Tinagwira mapaipi, ouma. Khosi lothirira mafuta, louma. Alamu anapukuta thanki yonse ndi sanza n'kuiwaza fumbi la choko, ndipo malo amodzi anada, pansi penipeni pa lamba wachitsulo amene amagwira thankiyo. Matope ankabisala m'menemo, dzimbiri n'kumadya mpaka kuboola kabowo konga ka singano.

Ine ndinati titsitse thanki ipite kwa wowotcherera. Alamu ananditseka pakamwa ndi dzanja la girisi. Akuti thanki ikatsika achemwali aona, akaona basi galimoto yapita. Anati pali nzeru ya madalaivala akale: ukapaka sopo wouma pakabowo, petulo samusungunula, amangogwira ngati phula. Anapakadi, kudontha kunasiya, ine n'kubwerera kwathu ndikuwatama. Chimene tinaiwala n'chakuti inali nthawi ya mvula. Akangodutsa pachithaphwi, sopo yense wapita.

Sopo wochapira atatha, mkuluyu anayamba kutapa wosambira, wonunkhira uja achemwali amabisa m'kabati pansi pa nsalu. Apa ndiye zinavuta. Sopo akusowa, mwamuna akutuluka monyang'ama, pobwera malaya ali kununkhira maluwa. Inu mukanaganiza chiyani? Achemwali anawafunsa mosapita m'mbali ngati kunja kuli mkazi wina. Alamu, kaya mutu wawo unali kuti, anangoyang'ana pansi n'kutuluka panja.

Zonsezi ndinazimva Loweruka lina m'mawa, achemwali atandiitana kuti ndidzawanyamulire sutikesi, akubwerera kwa amayi. Maso anali otupa, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndisanatsegule pakamwa anali atatsogola kale. Titatuluka panja, tinaona miyendo iwiri itatulukira pansi pa pikapu. Achemwali anagwada n'kusuzumira. Alamu ali chagada, sopo wapinki m'manja, akusisita thanki mwachikondi.

Ine phwete linandigwira mpaka m'mimba kupweteka, koma achemwali sanaseke.

"Bambo, ndiye mkazi mnzanga ndi ameneyu?"

"Munati mudzaigulitsa, mayi."

"Ndiye munalolera kuti ndizigona ndikulira, bola chitsulo chanu chisapite?"

Kuseka kwanga kunathera pomwepo. Alamu anatuluka pansi paja, anakhala m'matope momwemo, osatha kuwayang'ana akazi awo. Kenako anapisa m'thumba, anatulutsa makiyi n'kuwaika pa sutikesi. Anati ogula zitsulo aitanidwe lero lomwe, iwo sadzalankhulapo kanthu. Sindinawaonepo chonchi.

Achemwali anayang'ana makiyiwo. Anawatola, anawamangira pangodya ya nsalu yawo, n'kutembenukira kwa ine.

"Iwe, usangoti kakasi. Bweza sutikesiyo, utenge sipanala."

Tinakhuthulira petulo m'zigubu, tinamasula malamba, thanki inatsika. Wowotcherera anayamba waitsuka kambirimbiri n'kuidzaza madzi, akuti munthu woyatsa moto pathanki yonunkha petulo samera imvi. Atagogoda pakabowo paja, chitsulo chinangofumbutuka, bowo n'kukula mpaka chala kulowa. Anatiseka kuti sopo wa m'sitolo yonse sakanakwana. Anadula poolapo, anaika chigamba, ndipo pobwezera tinayala mphira pansi pa lamba kuti matope asapezenso pobisala.

Pikapu ija ilipobe, ndipo kukankha sikunathe. Masiku ena achemwali amakankha nawo, akudandaula kuti mkazi mnzawoyu anawamalizira sopo koma ulesi wokhawokha. Makiyi okha ndiwo sanabwerere m'thumba mwa alamu. M'mawa uliwonse mkulu wonseyu amapita kukhitchini kukapempha, ndipo achemwali asanamasule mfundo amawayang'ana m'maso n'kuyamba afunsa ngati pali chimene chikudontha.