Moni amene sindinayankhe

Ndikakumbukira Agogo Halina, ndimamva fungo la kabichi wowawasa ndi utsi wa kandulo imene ankayatsa patsogolo pa chithunzi cha tawuni yakwawo ku Poland, ya m'mphepete mwa mtsinje waukulu. Anali neba wathu ku Hor Al Anz, mumzinda wa Dubai, atabwera kudzakhala ndi mwana wawo wogwira ntchito kuhotela. Ine ndinkaleredwa ndi azakhali, koma masiku amenewo ndinkaswera kwa agogowo ndikuwasendera mbatatesi, chifukwa amayi anali atathawa pantchito kwa madamu wowamenya ndipo ankabisala m'chipinda chathu. Akanapezeka, bwenzi atawasemera mlandu wakuba.

Agogowo anali okalipa ndi omana shuga. M'Chingerezi chawo chothyokathyoka ankandiuza kuti tawuni yawo inali ya Ajeremani, kenako ya Apolishi eni ake, Ajeremani n'kubweranso ndi mfuti, Arasha n'kudzawapirikitsa. Dzina la tawuni linkasintha, mayina a misewu ankasintha, ndipo bambo awo anasintha dziko katatu osasamuka pakhomo. Asilikali ankapereka moni kwa ana m'chilankhulo cha anthu amene ankawasaka, mwana woyankha n'kuphetsa banja lonse.

"Mlendo akakupatsa moni, yamba wayang'ana nsapato zake," ankatero.

Tsiku lina masana kunagogoda bambo wa nsapato zonyezimira, dalaivala wa madamu, Mzambiya amene anali asanandionepo. Ankayenda khomo ndi khomo. Atandiona kumbuyo kwa agogo anagwada, akumwetulira.

"Uli bwanji mwana wanga? Ba mami bali kuti?"

Kwathu mwana wosayankha moni wa munthu wamkulu ndi wosaleredwa, ndipo "ndili bwino" anali atafika kale pamilomo. Zala za agogo zinandifinya paphewa, ine n'kuzyolika, maso pansapato zija. Anabwereza mokoma kwambiri, ngati amalume. Ndinangoti duu. Agogo anamuuza kuti ndine mwana wa Msudani wa m'nyumba yapansi, anati khalasi, ndiye kuti basi m'Chiarabu, n'kutseka chitseko. Kenako anangokhala pansi pomwepo.

Amayi atamva anandikumbatira nthawi yaitali, kenako n'kundichenjeza kuti ndisazolowere. Koma ndinazolowera. Lero amayi ali bwinobwino ku Zomba, ndipo anzanga kuno ku Dubai amati ndine wonyada, chifukwa munthu akandipatsa moni wa kwathu m'sitima ya Metro ndimayankha mochedwa, nditayamba ndayang'ana pansi.