Thobwa la ukwati wa mlongo wanga

Thobwa silidikira munthu. Likangophikidwa limatsekemera, mawa lake limakoma, kenako limayamba kuluma lilime, ndipo mukalisiya limasanduka mowa. Amayi ankazidziwa izi. N'chifukwa chake ukwati wa mlongo wanga anaukonza chobwerera m'mbuyo: ukwati Loweruka, kuphika Lachinayi, kusinja chimera sabata ya m'mbuyo mwake, kunyika mawere mwezi wathawo. Nkhuni anaunjika kale, migolo anabwereka kale.

Tinkakhala ku Lungwena. Ife tinali a tchalitchi, koma anansi athu ambiri anali Asilamu, ndipo mowa sankauyandikira. Chakumwa chimene tonse tinkamwera chikho chimodzi chinali thobwa basi. Kwa zaka zambiri amayi anamwa thobwa m'maukwati a ana a anzawo, ndipo tsopano inali nthawi yawo yobweza. Mawere onse a chaka chimenecho anathera ku chimera.

Lachinayi thobwa linaphikidwa. Moto usanazime anafika tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu, anyamata a malaya ofiira ali pambuyo pake. Anati Loweruka kuboma ku Mangochi kuli msonkhano waukulu. Amayi onse akavina, abambo akaomba m'manja, lole ibwera m'mawa.

"Nanga ukwati uja, achimwene?" anafunsa abambo anga motsitsa mawu.

"Ukwati suthawa," anatero tcheyamani.

Masiku amenewo munthu sankafunsa kawiri. Ansembe athu, amene ankayendera matchalitchi angapo pa njinga, anati mpata wina upezeka pakatha masabata awiri.

Amayi sanagonje msanga. Anati aziliwiritsanso m'mawa uliwonse kuti lisasase. Lachisanu anadzuka n'kusonkha moto. Mnzawo wa kuseri kwa mpanda, mayi wachisilamu amene anatakasa nawo migolo dzulo lake, anawapeza akuuzira nkhuni, utsi uli m'maso.

"Chemwali, mukuphikanso chiyani?"

"Ndikuliwiritsa. Lifika."

"Masabata awiri? Mukufuna ashehe adzavine pabwalo la tchalitchi atakwinya mkanjo?"

"Ndati lifika."

"Lifika lili phala. Ndipo mawa muli pa lole ngati ine. Adzasonkha moto ndani, nkhuku?"

Amayi sanaseke. Anakhala pa mtondo wovundikira n'kumayang'ana migolo ija kwa nthawi yaitali. Chimera china panalibe, mawere ena panalibe. Kenako anandiitana.

"Pita ukawauze anansi adzamwe thobwali. Akatuluka ku mzikiti adzere kuno. A kutchalitchi nawonso."

Ndinazungulira mudzi pa njinga, ndipo anthu anabwera. Panalibe ng'oma, panalibe nthungululu, panalibenso mkwati, chifukwa kwawo kunali ku Chowe ndipo akuchimuna anali atauzidwa kale kuti asanyamuke. Mlongo wanga anakhala pamphasa atavala chitenje cha masiku onse, maso ali ofiira. Zikho zinayenda. Anthu ankamwa n'kunena kuti lakoma, motsitsa mawu ngati pamaliro. Mkulu wina anafunsa ngati mphatso aperekeretu lero kapena adikire. Linalidi thobwa labwino, lolemera mawere, ndipo dzuwa lisanapendeke linali litatha. Amayi okha sanamweko.

Loweruka anakwera lole pamodzi ndi anzawo. Anavina padzuwa tsiku lonse, nabwera miyendo itatupa. Lamulungu atachoka kutchalitchi anatsuka migolo n'kukabweza kwa eni ake.

Ukwati unachitika pa tsiku limene ansembe ananena. Tinaphika mpunga ndi usipa, chakumwa tinapereka tiyi wopanda mkaka. Anansi athu anabwera onse ndipo sanadandaule, poti thobwa lawo anali atamwa kale. Koma akuchimuna a ku Chowe, amene thobwa lija sanalilawe, anayang'ana makapu a tiyi n'kuyang'anana okhaokha. Kwa zaka zambiri ankanena kuti mwana wawo anakwatira kwa anthu oumira.

Ndinawapempha amayi kangapo kuti awafotokozere zimene zinachitika. Iwo ankangoti atopa.