Mpira unali m'malere

Ndikamva sayirini ya kufakitale ya tiyi, ndimakumbukira masewera ena a basiketibolo ndili Fomu Wani. Pasukulu pathu panalibe wotchi, ndiye masewera ankatha sayirini ikalira. Tsikulo tinatsalira ndi pointi imodzi. Ndinaponya, sayirini inalira, mpira n'kulowa.

Oyimbira, aphunzitsi a Nkhoma, sanaone bwino. Anandifunsa, "Iwe, pamene imalira, mpira unali m'manja kapena m'malere?"

Unali m'malere. Koma mayi anga, othyola tiyi, ankati sayirini ikalira, ako ndi masamba omwe wagwira kale. Ndinaganiza kuti ndi mpiranso n'chimodzimodzi.

"M'manja, sala."

"Basi, sichigoli. Ukanakhala m'malere, bwenzi mutawina."

Mpaka lero sindidziwa chimene chinandiwawa kwambiri, kuluzako kapena kudziwa kuti zoona zikanatiwinitsa.