Waya Wofiira ndi Waya Wakuda

Ndinaganiza zochoka ku Kafue ntchito za m'mafakitale zitasowa, anzanga atayamba kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Wina anandipezera malo ku Joni, pa shopu yokonza mafoni. Chinandivuta ndi kusiya akulu anga, ba Lameki, amene anandilera makolo athu atamwalira. Iwo ankaimba gitala m'mabala a ku Nangongwe, komboni ya ku Kafue komweko. Ine ndinkawapangira mapedo, timabokosi topondapo ndi phazi tosintha kulira kwa gitala. Ndinapanga titatu m'zitini zakale, zam'kati ndikuchotsa m'mawailesi akufa.

"Yenda, mufana wanga," anatero. "Ife gitala izatidyetsa."

Ku Joni ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa shopu, kopanda windo. Masiku ena ndinkangolankhula ndi makasitomala basi. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama, ine n'kutsala ndi buledi ndi tiyi. Lamlungu ndinkaimba foni.

"Muli shani, ba mkulu?"

"Tili che bwino."

Ndikawapempha kuti andilizire gitala pafoni, ankati malaiti apita.

Shopu itatsekedwa ndinabwerera. Ba Lameki ndinawapeza ataonda, ali pampando m'nyumba masana. Mapedo anali m'thumba pansi pa bedi. Nditatsegula kabokosi koyamba, fungo la chopsa linali likadalimo. Mwa tizipangizo tam'kati, kapasita inali itatupa n'kuphulika, chipu chitada bii. Tina tiwirito chimodzimodzi. Ndinadziwa kuti moto wa magetsi unalowa mobwerera. Malaiti akapita iwo ankalumikiza mapedo ku batire, ndipo ankadziwa bwino kuti waya wofiira umapita ku pulasi, wakuda ku mainasi. Ukasemphanitsa, kabokosi kamapsa nthawi yomweyo. Munthu angalakwitse kamodzi. Koma katatu?

Alamu anga, ba Esinati, anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Shuga inawadya maso," ananong'ona. "Wofiira na wakuda kwa iwo ni chimodzi. Kabokosi komaliza kanapsa pa bala, anthu akuyembekeza nyimbo. Mwini bala anatenga woimba wina. Kuchoka tsiku lija sanagwirenso gitala."

"Nanga bwanji simunaniuze?"

"Ukanabwera. Manje tikanadya chani?"

Aneba onse ankadziwa, a kutchalitchi ankadziwa, ngakhale anzanga amene ndinkacheza nawo pafoni. Onse anagwirizana kukhala chete kuti ine ndikhalebe kunja, ndizitumiza. Sindinawakwiyire. Njala ya kwathu ndinali nditaiona ndi maso tsopano.

Ndinalowanso m'nyumba. Ba Lameki anali akuyang'ana kukhomo, pambali pang'ono pa pomwe ndinaima.

"Waona ntchito yanga?" anafunsa. "Tingakonzeke?"

"Tizakonzeka. Zam'kati zipezeka ku Lusaka."

Anagwedeza mutu, n'kutambasula dzanja kuti andigwire paphewa. Dzanjalo linapita pamalo opanda munthu, n'kumafufuza m'mwamba. Ndinasendera mwakachetechete mpaka linandipeza.