Amene Ankadula Mawaya a Pijo

A Vitalis a ku Mbulumbuzi ndi munthu woti mukawapatsa moni mosekerera, amayamba kugwira m'thumba. Akonza njinga pamsika zaka makumi atatu, koma mnzawo weniweni anali mmodzi yekha basi, a Sabiti atelala.

Kuseri kwa nyumba ya a Vitalis, pafupi ndi nkhokwe, kunali galimoto yakale ya Pijo, ya malemu bambo awo. A Vitalis analumbira kuti aidzutsa, ndipo Loweruka lililonse a Sabiti ankabwera kudzathandiza. Anafika pa tinyali ta m'mbali, tija amayatsa galimoto ikaima. A Vitalis anagula mawaya atsopano, n'kuwalowetsa m'kapayipi kapulasitiki kuti chitsulo chisawapale. Atavuta kulowa, anawadzoza mafuta ophikira, n'kudziyamikira okha kuti mutu ulipo.

Patapita masiku atatu, mawaya aja anaduka. Analumikiza, n'kudzozanso. Anadukanso. Kachitatu mtima unawawira.

Ndani ankadziwa podutsa mawayawo? A Sabiti. Ndani amayenda ndi sizasi? Ndipo si omwewa ananenapo kuti, "Bwanji osangogulitsa kwa ogula zitsulo?" Eee, chikomekome cha mkuyu! A Vitalis anapita kumsika, n'kuima pakhonde la atelala anthu ali bii.

"Achimwene, ngati ndi nsanje nenani. Mawaya anga akulakwirani chiyani?"

A Sabiti anangopitiriza kusoka. Madzulo ake anabwera ndi thumba, n'kugwada pansi pa Pijo. Anatola waya woduka uja, n'kumununkhiza.

"A Vitalis, sizasi sasiya mano. Taonani apa. Makoswe a m'nkhokwemu mwawaikira ndiwo zamafuta, mumati asadye?"

Pansipo panalidi timanyi takuda mbwee. A Vitalis anachita manyazi.

"Tsukani mawayawo ndi sopo, galimotoyi muisunthe apa," anatero a Sabiti. Kenaka anatulutsa m'thumba muja nsalu za mipando zimene anakhala akusoka mobisa miyezi iwiri, anaziika pamwamba pa galimoto, n'kumapita. A Vitalis anapepesa kawiri konse, koma anangoyankhidwa kuti, "Zamveka."

Pano tinyali tija timayaka bwino zedi, palibe chotidula. Loweruka a Vitalis amaimika Pijo moyang'ana njira yochokera kumsika, n'kutiyatsa dzuwa likuswa mtengo. Mpando wa kumanzere, wosokedwa bwinowo, palibe anakhalapo.