Sirinji ya Jelo Inali ya Agnesi

Ntchito yotsuka zilonda ndinaipeza ndikudwazika azakhali anga kuchipatala cha pachilumba chathu, chaka cha 2007. Anali ndi chilonda chapamwendo chimene fungo lake linkathawitsa ngakhale achibale, koma ine ndinkakhala pomwepo. Tsiku lina sisitala wamkulu, a Mayi Chirwa, anandiyang'ana nati, "Iwe sunyansidwa. Ubwere Lolemba."

M'mawa uliwonse ndinkayenda wapansi kuchokera kwathu ku Yofu. Anandiphunzitsa kuwiritsa zopanira ndi sizasi, kuvala magolovesi osakhudza kunja kwake, kutsuka chilonda ndi madzi a mchere kuyambira pakati kupita m'mphepete, ndi kumanga bandeji yosathina. Ndinkadziona katswiri mpaka atalemba ntchito Agnesi.

Agnesi anali wa ku Khuyu, wamsinkhu wanga. Bambo ake anakhalitsa ku Joni, ndiye Chingerezi sichinkamuvuta. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti manja ake analidi abwino. Bandeji yomatirira pachilonda ankaichotsa wodwala akucheza naye, pamene ine ndikachotsa munthu ankakukuta mano.

Chaka chotsatira kunabwera dokotala wamkazi wochokera ku Joni kudzathandiza kwa miyezi ingapo. Anabwera ndi machubu a mankhwala amene tinkangowatcha jelo, oyera mbee ngati madzi koma okhuthala ngati phala lozizira. Ankamuika mu sirinji yopanda singano n'kumuthira m'chilonda kuti chisaume, khungu latsopano limere bwino. Tsiku lina anafinyira jelo pambale n'kumudula pakati, ndipo tikuona mbali ziwirizo zinabwererana. Anatiuza kuti kumene ankagwira ntchito kale akuyesa kupanga jelo wina woposa ameneyu. Ukamukankha m'singano amafewa, akalowa m'thupi amagwirananso yekha, ndipo mkati mwake amanyamula maselo amoyo, tizigawo ting'onoting'ono timene timamanga thupi, kuti akakhazikike povulala pomwepo osabalalika.

"Sanafike kwa odwala," anatero dokotalayo, "koma adzafika."

Nkhani imeneyi inandigwira mtima. Ndinali ndi mafunso ambiri, koma Chingerezi chinandikakamira pakhosi. Ndinamunong'oneza Agnesi kuti afunse ngati maselowo safa podutsa m'singano. Anafunsa. Dokotala anawomba m'manja, n'kuyankha kuti jeloyo ndiye amawatchinjiriza, ndipo anamuyamikira Agnesi chifukwa cha funso lanzeru. Kuyambira pamenepo sirinji ya jelo inakhala ya Agnesi. Ine ndinkagwira beseni, mtima ukuwira.

Tsiku lovuta linafika m'nyengo ya usipa. Atate anga ankapopa nyali ya parafini masana kugombe la ku Mbungo, kukonzekera zokapha nsomba, nyaliyo n'kuwaphulikira. Anzawo anawathira madzi n'kuwabweretsa pabwato. Mkono wakumanja unali utapsa kuyambira pachikhatho mpaka kudutsa chigongono, malaya atamatirira pakhungu. Dokotala anali atawoloka kukaona odwala kutsidya, a Mayi Chirwa anali kochiritsa mayi wina, ndipo Agnesi anali ataweruka kale. M'chipinda chotsukira zilonda munali ine ndekha, machubu a jelo ali pashelefu.

Ndinadzaza sirinji. Kwa miyezi ndinkalakalaka kuigwira, ndipo tsopano inali m'dzanja langa. Koma nditagwira nsonga ya malaya aja ndi chopanira, atate anabuula, khungu likuyamba kunyamuka pamodzi ndi nsalu. Ndinaleka kukoka.

"Mwanawe, chita msanga," anatero atate. "Si ntchito yako imeneyi?"

Ndinadziwa kuti ndikapitiriza ndiwasenda, ndipo chigongono chimenecho chikapola moipa sichidzapindikanso. Ndinaika sirinji pathireyi n'kuthamanga. Agnesi ndinamupeza panjira ya ku Khuyu, chikwama chili paphewa.

"Agi, bwerera undithandize. Ndi atate."

Tinabwerera limodzi kuchipatala. Anasamba m'manja, ananyowetsa nsaluyo ndi madzi a mchere, n'kudikira, n'kunyowetsanso. Anadula malaya pang'onopang'ono, uku akuwafunsa atate za mphepo ya mwera ndi kumene usipa ukupezeka masiku amenewo. Atamaliza anathira jelo pachilonda chonse, anaphimba ndi nsalu yopyapyala ya gozi, n'kumanga bandeji chigongono chitapindika pang'ono. Ine ndinagwira mkono wa atate anga, misozi ikutsika, ina ya chisoni ina ya manyazi.

Mkonowo unapola. Atate anabwerera kunyanja, akukoka khoka la chilimira ngati kale. Koma Yofu yense anamva za mwana wa ku Khuyu wa manja ofewa. Ngakhale pakhomo pathu atate ankanena pamaso panga. "Uziphunzira kwa mnzako uja," ankatero, akuonetsa alendo chipsera chawo.

Dokotala atamva zimene zinachitika, anamuthandiza Agnesi kupeza malo kusukulu ya unamwino. Ndinamuperekeza kukakwera sitima, ndinamunyamulira katundu, ndipo sitimayo ikutembenuka ndinalakalaka ulendowo ukanakhala wanga.

Ndikanama ndikanena kuti nsanje ija inatha. Ndikamva kuti Agnesi wakwezedwa pantchito, mpaka lero zimandiwawa. Koma ntchito ija inandisiyira chinthu chimodzi. Chilonda chikandiposa ndimatuluka kukaitana wodziwa, ngakhale akhale munthu amene sindikufuna kumumva akutamandidwa. Atate anga anamwalira ali okalamba, akudya okha ndi dzanja lawo lamanja.