Zenera la Anganga

Agogo anga aamuna ankanunkhira utuchi wa bulugamu ndi oyilo wakuda. Ngakhale pa Sabata, atasamba n'kuvala jekete yawo, fungolo linkawatsata mpaka m'tchalitchi. Anali kalipentala wa pa esiteti ya tiyi, ndipo ine ndinakulira m'manja mwawo ndi mwa anganga, akazi awo, chifukwa mayi anga, a Estere, ankagwira ntchito ku Limbe.

Chaka chimene agogo anapuma pa ntchito, eni esiteti anatiuza kuti tituluke m'nyumba ya kampani mvula isanagwe. Tinali ndi kamalo kotsetsereka ku Nchilamwela, koma njerwa tinalibe. Agogo anati amanga ya matabwa.

M'mawa uliwonse, chifunga chisanachoke m'minda ya tiyi, sowo inali itayamba kale kulira, anganga akukoleza moto wa nkhuni zonyowa, utsi n'kumakwawa pansi m'malo mokwera. Nsanamira agogo sanazikwirire m'dothi. Anaziimika pa miyala, atazipaka oyilo wakutha wa thirakitala kuti chiswe chisazilawe. Pa khoma lililonse ankakhomera thabwa lopingasa, kuchokera pakona ya pansi kukafika pakona ya pamwamba, kenako n'kukankha khomalo ndi phewa, akumvetsera.

"Denga sililemera lokha," ankatero. "Mphepo ikabwera imalikankha cham'mbali. Thabwa ili ndi limene limakana."

Vuto linabuka pa khoma loyang'ana kum'mawa, kumene minda ya tiyi inkaoneka yonse mpaka kumapiri. Anganga anafika ndi ndowa pamutu, anaitula, n'kuima akuyang'ana thabwa lopingasa lija.

"Bambo a Estere, zenera likhala pati?"

"Pakona apo. Laling'ono."

"Ine ndikufuna lalikulu. Pakati pomwepa."

"Sizingatheke, amake Estere. Mwera umawomba mbali ino. Ndikachotsa thabwali, nyumba idzatigonera."

Anganga sanali munthu wokangana. Anakonza chitenje chawo n'kunena motsitsa mawu: "Tiyi uja ndamuthyola moyo wanga wonse nditawerama, dengu lili kumsana. Sindinamuonepo bwinobwino. Ndimafuna ndimuone nditakhala pansi."

Agogo anatola hamala n'kupita kukakhoma mbali ina.

Masiku otsatira pakhomo panazizira. Ankadyera limodzi koma osayang'anana, ine n'kukhala wonyamula mawu: "Kawauze agogo ako madzi atentha." Mitambo inayamba kuda masana, kapitawo wa pa esiteti anabwera kudzatikumbutsa za nyumba, koma khoma la kum'mawa linangokhala mafupa okhaokha. Ndinkawapeza agogo ataimirira patsogolo pake, pensulo ili kukhutu, akujambula pansi ndi msomali kenako n'kufufuta ndi phazi. Ndinkaopa kuti mvula itipeza panja.

Tsiku lina m'mawa agogo anasolola matabwa a mbawa pansi pa bedi lawo. Anali ochindikala, ofiira, osungidwa kuyambira ine ndisanabadwe. Anganga atawaona anagwira pakamwa.

"Amenewo si a bokosi lanu?"

"Wakufa sasankha thabwa," anatero agogo. "Adzandiika m'la paini."

Anazula thabwa lopingasa lija. Pakati pa khoma anaimika nsanamira ziwiriziwiri uku ndi uku, pamwamba pake n'kugoneka mtanda wa mbawa, matabwawo atawaphatikiza, kuti kulemera kwa denga kutsikire m'mbali mwa zenera. Kenako anakhomera matabwa opingasa aafupi kumanja ndi kumanzere. Atamaliza anakankha ndi phewa monga mwa chizolowezi chawo. Khoma silinagwedezeke. Anakankhanso mwamphamvu mpaka kapu yawo inagwa kumutu, n'kuitana anganga.

"Takankhani nanunso, mungadzanene kuti ndinakunamizani."

Anganga anakankha ndi chala chimodzi, akuseka, ndipo uko kunali kuseka kwawo koyamba m'masiku onse aja.

Malata omaliza anakhomedwa Lachisanu, dzuwa litapendeka, ndipo Sabata linatipeza tikupemphera m'nyumba yopanda zitseko. Mvula yoyamba inabwera ndi mphepo yaukali imene inasasula madenga angapo m'mudzimo. Nyumba yathu inalira m'malumikiziro monse, ine nditabisa mutu m'chitenje cha anganga, koma inaima. Kutacha, anganga anakokera mpando pazenera paja. Tiyi anali atatsukidwa ndi mvula, wobiriwira mpaka kuthobwa m'maso, ndipo azimayi othyola ankaoneka ang'onoang'ono m'mizere. Anakhala pamenepo mpaka phala lawo linazizira m'mbale.

Onse awiri anatisiya kale. M'nyumbamo mukukhala mayi anga, ndipo ine ndine namwino, ndili ndi banja langa. Sindinamvepo agogo akunena mawu okoma kwa anganga, ngakhale kamodzi, ndipo ndili mtsikana ndinkaganiza kuti anali munthu wouma mtima. Amuna anganso ndi osayankhulayankhula. Mwezi watha ndinadandaula za bondo ndikukwera pakhonde, iwo maso ali pa foni. Mawa lake pobwera ku ntchito ndinapeza sitepe yatsopano yaing'ono pakati pa ziwiri zakale, simenti ikadali yaiwisi. Sanatchule kanthu, inenso sindinafunse. Ndinangoilumpha bwinobwino kuti isaonongeke, n'kukawatenthetsera madzi osamba.